Yoga ya m'phiri si mapemphero

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa yoga komanso kutsogolera magulu okwera mapiri kuno ku Chiponde, funso loyamba limakhala la chipembedzo: "Aphunzitsi, zimenezi si mapemphero a amwenye?" Funsoli n'lomveka m'dera lino, momwe Asilamu ndi Akhristu sachita masewera ndi chikhulupiriro chawo. Yoga inachokeradi ku India, ndipo kumeneko ena amailumikiza ndi kupembedza. Koma imene timachita ife m'nkhalango ili ndi zinthu zitatu basi: kuwongola minofu, kupuma bwino, ndi kuima mosagwedera. Mu 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga chifukwa cha phindu lake pa thanzi.

Ulendo umene ndimaukonda ndi wa m'nkhalango ya boma ya Mangochi, chakufupi ndi Namwera, kukafika pa mabwinja a Fort Mangochi, linga limene Angerezi anamanga atagonjetsa Mfumu Jalasi mu 1895. Timanyamuka m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Tisanayambe chikweza timatenthetsa thupi kwa mphindi khumi: kuzunguza akakolo, kuponya miyendo kutsogolo ndi kumbuyo, kupinda mawondo pang'onopang'ono. Mphasa yogula ya yoga sifunika, chitenje chikwanira.

Pokwera, chovuta ndi mpweya. Ambiri amapumira m'chifuwa mothamanga, ndiye satenga nthawi kuyamba wefuwefu. Ndimawauza aike dzanja pamchombo, akoke mpweya mpaka dzanjalo litukuke, kenako autulutse mosafulumira. Muyeso wake ngosavuta: ngati simungathe kucheza ndi mnzanu mukuyenda, ndiye kuti mwathamanga. Woyenda pang'onopang'ono kuposa onse ndiye amakhala patsogolo, kuti gulu lisamwazikane.

Tikafika pamwamba timaima ndi mwendo umodzi, phazi linalo litatsamira pa katumba, maso ali pa mtengo umodzi. Anthu amaseka poyamba, makamaka abambo akuluakulu akayamba kudzandira. Koma phindu lake limaoneka potsika, phazi likaponda timiyala kapena masamba ouma a msuku omwe amaterera. Kakolo wozolowera kudzigwira yekha sabinya msanga.

Kutsika ndiko kumapweteketsa thupi kuposa kukwera, chifukwa minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki a njinga ya kabaza pa mtsetse. Ululu wake umabwera mawa lake kapena mkuja. Wina asakunamizeni kuti kudziwongola kumauletsa. Chimene chimathandiza n'kutsika ndi masitepe aafupi, kugwira ndodo, ndi kuyenda kawirikawiri mpaka thupi lizolowere. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata.

Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, musachite zozondotsa mutu, ndipo yambani mwafunsa kuchipatala. Amayi oyembekezera nawonso atero. M'kutentha kwa October nyamulani madzi ambiri, ndipo m'mwezi wa Ramadan osala kudya ayende njira zazifupi chakumadzulo. Musalowe m'nkhalango ya boma popanda kudziwitsa a zankhalango ndi kutenga munthu wodziwa njira.

Amayi otsika m'phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu safunika kuphunzitsidwa kuyenda. Chimene ndimawaonetsa iwo n'chakuti akatula mtolowo, apeze mphindi zisanu zowongola khosi ndi msana asanagwire mthiko.