Tisiponji Topakira Utoto pa Pepala: Kagwiritsidwe, Katsukidwe ndi Kasungidwe Kake

Pakati pa zipangizo zimene mphunzitsi amagwiritsa ntchito pa phunziro la luso la mapepala, palibe chotsika mtengo kuposa kasiponji kopakira utoto. Kachipangizo kameneka ndi kachidutswa ka siponji komangidwa kapena komatidwa pa chogwirira chachifupi. Tina togula m'sitolo timakhala ndi chibowo choloŵetsamo chala. Mwana amakagunditsa pa utoto ndi kukadinda pa pepala. Mwana wa Sitandade 1, amene dzanja lake silinathe kuongolera burashi, amatha kudinda bwino lomwe.

Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale adayamba kukhala aulere m'Malaŵi, makalasi adakula kwambiri, ndipo utoto umene sukulu ingapeze uyenera kukwanira ana ochuluka. Kasiponji kamadya utoto wochepa, koma kamaonongeka tsiku limodzi lokha ngati sitikasamala. Tikatsegula kabati sabata yotsatira ndi kupeza tisiponji touma gwa ngati miyala, ndiye kuti phunziro lathu lafa lisanayambe.

Mmene siponji imagwirira ntchito

Siponji ya m'matiresi ndi m'mipando imapangidwa kuchokera ku mankhwala otchedwa polyurethane, amene Otto Bayer ndi anzake adatulukira ku Leverkusen m'dziko la Germany mu 1937. Siponji yofeŵa ya mtundu umenewu idayamba kupangidwa yochuluka m'zaka za m'ma 1950. Tikaiyang'anitsitsa tiona kuti ndi yodzala ndi timabowo tolumikizana. Tikaifinya, mpweya umatuluka m'timabowomo. Tikaileka, utoto umaloŵa m'malo mwa mpweya uja. Podinda, timabowo tomweto timatulutsa utoto pang'onopang'ono, ndipo nchifukwa chake mtundu umagona bwino pa pepala popanda mizere.

Motero ntchito yonse yosamala kasiponji ndi imodzi: kusunga timabowo take totseguka ndi tofeŵa. Adani ake ndi atatu. Utoto wouma umatseka timabowo. Dzuŵa limasandutsa siponji yachikasu ndi kuifumbutsa mpaka iyambe kunyenyeka. Chinyezi chimabweretsa nkhungu ndi fungo loipa.

Kupanga tisiponji tathu

Njira ya TALULAR, imene a Malawi Institute of Education ku Domasi amalimbikitsa, imatiphunzitsa kupanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi. Zidutswa za siponji tingazipeze kwa amisiri opanga mipando kapena ku matiresi akale. Za ku matiresi tiyambe tazichapa ndi kuziumitsa, ndipo zimene zikunyenyeka tikazifikisa ndi zala tizitaye.

Tidule siponji yotalika masentimita 5 mbali zonse ndi yochindikala pafupifupi sentimita imodzi. Tiikute kumapeto kwa kamtengo ka nsungwi kapena chitsononkho cha chimanga, ndi kuimanga zolimba ndi ulusi kapena mphira. Ena amamata siponji pa chitsekerero cha botolo. Kumanga kumaposa kumata, pakuti guluu amamatuka m'madzi, pamene siponji yomangidwa tingathe kuimasula ndi kuikapo ina ikatha. Kudula ndi ntchito ya mphunzitsi, ndipo tizidutswa totsala tisatisiye pamene ana aang'ono angatiike m'kamwa kapena m'mphuno.

Kagwiritsidwe kake m'kalasi

Lamulo loyamba nlakuti mtundu uliwonse wa utoto ukhale ndi tisiponji take. Kasiponji kamene kadinda utoto wabuluu kakaloŵa mu utoto wachikasu, mbale yonse imasanduka yobiriŵira; kakaloŵanso mu wofiira, zonse zimaoneka ngati matope. Tipake chizindikiro cha mtundu wake pa chogwirira chilichonse, ndipo ana tiwaphunzitse kuti mwana ndiye amasintha kasiponji, koma kasiponji sikasintha mbale. M'kalasi la ana 80 tingathe kupanga magulu 10 a ana 8, gulu lililonse likhale ndi mitundu 4 ya utoto ndi tisiponji tiŵiri pa mtundu uliwonse. Potero mwana aliyense amakhala ndi kake m'manja, ndipo akafuna mtundu wina amasinthana ndi mnzake.

Utoto tiuthire wochepa pa chivundikiro cha chitini kapena pa mbale yafulati, kuti mwana azigunditsa nsonga yokha ya siponji, osati kuiviika yonse. Asanadinde pa ntchito yake, ayambe wadinda kaŵiri kapena katatu pa nyuzipepala yakale kuti utoto wochuluka utsale pamenepo. Siponji yonyoŵa kwambiri imakwinyitsa pepala, ndipo nthaŵi zina imaliboola.

Ntchito imene tisiponji timaichita bwino koposa ndi yodinda pa chikombole, ndiko kuti pepala lolimba limene taboolapo chithunzi cha nsomba, tsamba, nambala kapena chilembo. Mwana agwire chikombole ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo adinde molunjika, kukweza ndi kutsitsa. Akakoka siponji chammbali, utoto umaloŵa kunsi kwa chikombole ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumaipa. Pokongoletsa m'mbali mwa khadi, ayambire kunja kwa pepala, pa nyuzipepala yoyalidwa pansi, ndi kuloŵera mkati mopepuka. Mitundu yoŵala iyambe, yakuda itsirize, chifukwa nkosavuta kuonjezera utoto koma nkovuta kuuchotsa. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo: kudinda mopepuka katatu kumaposa kusindikiza mwamphamvu kamodzi.

Katsukidwe kake

Nthaŵi yotsuka imadalira mtundu wa utoto. Utoto waufa wosungunula m'madzi umachoka ngakhale utauma, ngati tiviika siponji kwa kanthaŵi. Utoto wa acrylic ndi wosiyana: ukadali wauŵisi umatsukika ndi madzi, koma ukauma umasanduka ngati pulasitiki ndipo madzi sausungunulanso. Pamenepa mpamene tiyenera kukumbukira kuti zengerezu adalinda kwaŵukwaŵu. Ngati belu lalira tisanatsuke, tiponye tisiponji m'beseni la madzi mpaka tipeze mpata tsiku lomwelo. Utoto wopanga tokha kuchokera ku katondo, makala kapena maluŵa, wosakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa, nawo sufuna kugonetsa, pakuti phalalo limasasa ndi kuitana mphemvu ndi makoswe.

Potsuka, tiyambe tadinda kasiponji pa nyuzipepala mpaka utoto utachepa. Kenaka tikaviike m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, tipakepo sopo wochepa, ndi kukafinya mobwerezabwereza pakati pa zala. Tisakapotokole monga timachitira ndi chovala, chifukwa siponji imang'ambika. Titsukuluze m'madzi oyera mpaka thovu litatha. Kumene madzi ndi osoŵa, mabeseni aŵiri ndi okwanira: loyamba la sopo, lachiŵiri lotsukuluzira. Tiyambe ndi tisiponji ta utoto wachikasu ndi kutsiriza ndi ta wakuda, kuti madzi omwewo atumikire tonse.

Tipeŵe madzi otentha, amene amamatula guluu, ndiponso mankhwala oyeretsa zovala monga Jik, amene amadya siponji. Palafini ndi petulo siziyenera kuyandikira ana ngakhale pang'ono. Tidziŵenso kuti siponji imene yagwira mtundu sindiye kuti ndi yakuda. Inki yambiri imasiya banga losachoka. Tiyese podinda kasiponji konyoŵa pa pepala loyera. Ngati sikasiya mtundu, ndiye kuti kayera, ndipo kupitiriza kukachapa nkungokathetsa.

Kasungidwe kake

Tikatsuka, tifinyire tisiponji pa nsalu youma ndi kutiyanika pamthunzi podutsa mphepo, siponji itayang'ana kumwamba. Tisatiumitse pafupi ndi moto, ndipo totha ntchito tisatitenthe, chifukwa siponji ya polyurethane imayaka msanga ndi kutulutsa utsi wapoizoni. M'nyengo ya dzinja kuuma kumachedwa, choncho tifinye kamodzi ndi chala kuti titsimikize kuti mkati mwauma tisanatisunge. Kasiponji konyoŵa kakatsekeredwa m'jumbo kapena m'chitini kamachita nkhungu masiku oŵerengeka.

Thireyi ya mazira ndi chosungira chabwino, pakuti kasiponji kalikonse kamakhala ndi malo ake ndipo mitundu siikhudzana. Mzere uliwonse ukhale wa mtundu umodzi. Potero kuŵerenga kumafulumira ndipo kosoŵa kamadziŵika nthaŵi yomweyo. Thireyiyo tiiike m'katoni kapena m'kabati, kutali ndi zenera, ndipo pamwamba pake tisasanjikepo mabuku, chifukwa siponji yopanikizidwa nthaŵi yaitali siibwereranso mwakale.

Polemba chikonzero cha phunziro, tisiye mphindi 10 zomaliza kuti zikhale zotsuka ndi kulongedza, ndipo tizilembe monga gawo la phunzirolo. Gulu lililonse likhale ndi ana aŵiri otsuka ndi mmodzi woŵerenga, ndipo udindowu uzisinthasintha pakati pa anyamata ndi atsikana. Mmera mpoyamba: mwana amene waphunzira ku Sitandade 1 kubweza kasiponji koyera pamalo pake adzachita chimodzimodzi ndi buku, singano ndi khasu m'makalasi otsatira.