Bawuti Wothyokera mu Injini: Musafulumire

Alimi anzanga, ife a ku Makhanga timadziwa bwino ntchito ya madzi. M'mwezi wa January 1915 ayi, koma 2015, pamene Ruo ndi Shire anasefukira, ndiponso mu March 2023 pa namondwe wa Freddy, injini zambiri za zigayo ndi za mapampu othirira chimanga cha kudimba zinagona m'matope. Madzi anaphwa, koma dzimbiri linatsala.

Tsono dzimbiri limatupa koposa chitsulo chimene lachidya, nchifukwa chake bawuti amakanirira m'dzenje lake. Munthu akaona kukana, amalumikiza chipaipi ku sipanala, nakoka ndi mphamvu zonse. Pho! Bawuti wathyoka, mutu uli m'manja, tsinde latsala m'kati. Ine ndinachita zomwezi ndili mnyamata, ndipo chimanga chathu chinafota masabata awiri pampu ili chigonere.

Zikakugwerani, yambani mwakhala pansi. Palani dzimbiri lonse, thirani parafini pa chitsacho m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri kapena atatu, ndi kumachigogoda pang'ono ndi hamala kuti parafini alowe. Apa ndi pamene ambiri amalephera, pakuti kudikira kumawawa mbewu zikamafuna madzi. Ngati chitsa chatulukira kunja, chipaleni ndi tupa mbali ziwiri kuti sipanala igwire. Potembenuza musakoke kamodzi: pitani kumanzere pang'ono, bwererani kumanja pang'ono, thiraninso parafini, kufikira chitayamba kuyenda.

Chikakanabe, nyamulani chitsulocho mupite kwa mmisiri wowotcherera. Iye adzaika nati pamwamba pa chitsa, nawotcherera m'kati mwake. Kutentha kumaswa dzimbiri, ndipo nati imapatsa sipanala pogwira. Muyambe mwachotsa petulo kapena dizilo yense ndi kupukuta parafini, ndipo mulole chitsulo chizizire chokha, osachithira madzi, chingang'aluke. Injini zing'onozing'ono zambiri nza aluminiyamu, chitsulo chosachedwa kusungunuka. Mumuuze mmisiriyo asamale.

Za kuboola chitsa chothyokera m'kati sindikulimbikitsani kuyesa nokha. Bowo likapotoka pang'ono, mizere yogwira bawuti imaonongeka, ndipo mtengo wa bawuti mmodzi umasanduka mtengo wa mutu wonse wa injini.

Pomanga bawuti watsopano, mpakeni girisi pang'ono, ndipo mvula isanayambe kwezani injini pamalo okwera.