Kompyuta yachira, koma zolembedwa zatsala kuti?

MUALADZI, Chifunde: Mawu akuti "kufomata" afika tsopano ngakhale m'midzi ya m'malire. Kompyuta ikayamba ulesi, ikamazima yokha, kapena foni ikakana kutseguka, langizo limene mwini wake amalandira ndi limodzi: pitani nayo akaifomate. Ambiri amanyamuka osafunsa kuti kufomatako n'kutani. Makinawo amabwerako ali moyo, akuthamanga ngati atsopano. Koma zithunzi, makalata ndi mayina amene anali m'katimo, zonse zapita.

Nkhaniyi yakula kuyambira pa 14 Okutobala 2025. Pa tsikuli kampani ya Microsoft ya ku America inathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makompyuta ochuluka m'masukulu, m'maofesi ndi m'nyumba. Kampaniyi inangosiya mpata woonjezera kwa anthu olembetsa mwapadera. Kompyuta ya Windows 10 siinafe pa tsikulo ayi. Imayakabe. Koma popanda chisamalirocho, mipata imene akuba a pa intaneti amapeza sitsekedwanso. N'chifukwa chake eni makina akuuzidwa kuti aikemo Windows 11 kapena pulogalamu ina. Ndipo pamene pulogalamu yaikulu ikusinthidwa, m'pamene zolembedwa zimatayika.

Anthu a kuno akudziwa kutaya pepala

Mualadzi ndi limodzi mwa maposto a boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete, dera loyandikana ndi Malawi ndi Zambia. Anthu a kuno safunika kuwaphunzitsa za kupweteka kwa kutaya pepala. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena ku Zambia kumalo ngati Ukwimi. Pobwerera, ambiri analibe cédula, analibe satifiketi ya sukulu, analibe chilichonse chosonyeza tsiku limene anabadwa. Zina zinapsa, zina zinavunda, zina zinatsala m'njira.

Lero mapepala ofunika akusamukira m'makina. Mphunzitsi amalemba mapauta a ana m'laputopu. Mlembi wa gulu la alimi a fodya amasungamo mayina a amene analandira feteleza pa ngongole ndi makilo amene aliyense anagulitsa. Mkulu wa mpingo amasungamo kaundula wa obatizidwa. Mayi amasunga m'foni chithunzi cha BI ya mwana wake amene ali ku Joni. Makina amodzi akafomatidwa mosasamala, mlandu wa ngongole ungasowe umboni, ndipo mwana angasowe mamaki a chaka chathunthu.

Kodi chimachitika n'chiyani m'katimo?

M'kompyuta muli chosungira chimene amisiri amatcha disiki. Pa disikiyo pamakhala zinthu zamitundu itatu. Choyamba ndi pulogalamu yaikulu, monga Windows. Chachiwiri ndi mapulogalamu aang'ono monga Word ndi Excel. Chachitatu ndi katundu wa mwini wake: makalata, zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo.

Kawirikawiri disiki imagawidwa zipinda. Chipinda choyamba chimatchedwa C, ndipo m'menemo ndi momwe Windows imakhala. Nthawi zina pamakhala chipinda chachiwiri chotchedwa D. Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Zonse zimene munthu amasiya pagalasi poonekera, zimene zili mu Documentos, mu Imagens ndi mu Transferências, zimakhala m'chipinda cha C, pamodzi ndi Windows. Tsono mmisiri akasesa C kuti aikemo Windows yatsopano, amasesera limodzi ndi katunduyo. Zimene zili mu D zimapulumuka, pokhapokha ngati wafufuta zipinda zonse.

Njira zitatu, zotsatira zitatu

Kuika Windows mwatsopano kuli ndi njira zingapo, ndipo si zonse zimene zimafufuta.

Njira yoyamba ndi kukweza, monga kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11 kompyuta ikuyaka bwinobwino. Pa njira imeneyi makalata ndi mapulogalamu amayenera kutsala. Windows yakale imaikidwa pambali m'foda yotchedwa Windows.old, ndipo munthu ali ndi masiku 10 oti abwerere mmbuyo ngati zatsopanozo zamuvuta. Masikuwo akatha, makina amachotsa fodayo okha.

Njira yachiwiri ndi imene pa makina a Chipwitikizi imalembedwa kuti "Repor este PC". Ikatsegulidwa imafunsa funso. Yankho lina ndi "Manter os meus ficheiros", kutanthauza kuti makalata ndi zithunzi zitsale koma mapulogamu amene mwini anaikamo achoke. Lina ndi "Remover tudo", kutanthauza kuchotsa zonse. Mayankho awiriwa ali moyandikana pagalasi. Chala chikalakwa, ntchito ya zaka yapita.

Njira yachitatu ndi imene amisiri ambiri amakonda chifukwa ndi yachangu. Amayatsa kompyuta ndi fulashi imene ili ndi Windows, n'kufomata chipinda cha C, n'kuikamo zatsopano. Apa chilichonse cha mu C chimachoka. Koma mmisiri akasankha C popanda kufomata, katundu wakale amakankhidwira mu Windows.old, ndipo angathe kutoledwa m'menemo. Choncho munthu amene kompyuta yake yabwerako ili mbee, asanalire ayambe wayang'ana ngati fodayo ilipo.

Makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 savomerezedwa kulandira Windows 11, chifukwa cha ukalamba wa purosesa kapena kusowa kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Eni makina oterewa ena amaikamo Linux, pulogalamu yaulere imene ili ndi mitundu monga Ubuntu. Nayonso poiika imafunsa ngati ifufute disiki yonse kapena ikhale pambali pa Windows. Funso ndi lomwelo, ngozi ndi yomweyo.

Ngakhale akatswiri amapunthwa

Wina angaganize kuti mavutowa amagwera anthu osaphunzira okha. Si choncho. Mu Okutobala 2018, Microsoft yeniyeniyo inatulutsa zowonjezera za Windows 10, ndipo patangopita masiku ochepa inaziimitsa chifukwa anthu ena anapeza kuti makalata awo afufutika atangozilandira. Inazitulutsanso mu Novembala itakonza cholakwikacho. Imeneyi inali njira yokweza, imene imati siifufuta kanthu.

Kufupi kuno, mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, anauza nyumba ya malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo anthu ofuna kuyenda anasowa pogwira. Ngati makina a boma angaime chotere, nanga laputopu ya pasukulu ya kumudzi?

Kodi zofufutika zingabwerere?

Nthawi zina zimatheka. Tiyerekeze ndi mfumu imene ili ndi buku losonyeza munda wa aliyense. Bukulo likapsa, minda siipsa. Chimanga chili pomwepo, kungoti palibenso cholembedwa chonena kuti mundawu ndi wa yani. Kufomata kwachangu kumachita chimodzimodzi: kumafufuta kaundula wa mafayilo, koma mafayilowo amatsala pa disiki kwa kanthawi. Pali mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amene amafufuza zotsalazo.

Koma munda wopanda mwini suchedwa kulimidwa ndi wina. Windows yatsopano ikamalowa, imalemba pamwamba pa malo amene akuoneka opanda kanthu. Nyimbo iliyonse yoikidwamo, filimu iliyonse yokoperedwamo, imakwirira zakale. Chimene chalembedwa pamwamba sichibwereranso. Kufomata kotheratu, kosakhala kwachangu, kumalemba pamwamba pa disiki yonse. Ndiponso makompyuta atsopano ali ndi disiki ya mtundu wa SSD, imene imayeretsa yokha malo ofufutidwa mwamsanga, kotero kuti mwayi wopezanso kanthu umachepa kwambiri.

Choncho amene wazindikira kuti katundu wake wasowa azimitse kompyuta nthawi yomweyo. Asaikemo chilichonse, ngakhale pulogalamu yofufuzira imene. Mmisiri wodziwa ntchito amachotsa disikiyo kapena kuyatsa makina ndi fulashi, ndipo zimene wapeza amazisungira pena, osati pa disiki yomweyo.

Palinso loko wotchedwa BitLocker amene amakhala wotseka pa makompyuta ena mwini wake osadziwa. Kiyi wake ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kugwiritsa ntchito makinawo. Popanda kiyiyo, disiki yotsekedwa siiwerengeka, ngakhale mmisiri akhale wa ku Maputo. Ogula makina ogwiritsidwa kale ntchito afunse za loko ameneyu asanayambe kusungamo zofunika.

Si nthenda iliyonse yofuna kufomata

Pali kachirombo kofala kamene kamayenda m'mafulashi, makamaka pamalo okopera nyimbo ndi osindikiza mapepala. Kamabisa mafoda enieni n'kusiya zithunzithunzi zake zabodza. Mwini fulashi amaona ngati zonse zatha, n'kuvomera kufomata. Chonsecho katundu wake anali momwemo, wobisika chabe, ndipo akanaonekanso kachiromboko katachotsedwa. Kompyuta yochedwanso nthawi zina imakhala yodzaza fumbi, yotentha, kapena disiki yake yatopa. Kufomata disiki yotopa sikuichiza.

Ndipo ngakhale Windows itakaniratu kuyaka, katundu amakhala akadalimo. Mmisiri angathe kuyatsa makinawo ndi fulashi ya Linux n'kukopera zonse asanakhudze kalikonse. Ntchitoyi imadya nthawi, n'chifukwa chake ena amailumpha ngati mwini sanaitchule.

Nanga foni?

M'midzi muno mafoni ndi ochuluka kuposa makompyuta, ndipo nkhani yake ndi yofanana. Kubwezera foni mmene inachokera ku fakitale kumachotsa zithunzi, mauthenga ndi manambala osungidwa m'foni mwenimwenimo. Mafoni a Android a masiku ano amasunga zinthu mokhoma, kotero zikafufutika motere sizipezekanso. Zimene zili pa SIM, pa memori khadi yochotsedwa kale, kapena mu akaunti ya Google zimapulumuka. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo mauthenga a WhatsApp angasungidwe kumeneko ngati mwini anatsegula njira yake.

Ndalama za M-Pesa, e-Mola kapena mKesh sizikhala m'foni. Zimakhala ku kampani, pa nambala ya mwini wake, choncho kufomata sikuzidya. Chimene chimatayika ndi mauthenga osonyeza kuti ndalama zinatumizidwa, amene pa mkangano ndiwo umboni. Chinanso, foni ikafufutidwa mokakamiza imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale. Ambiri akauntiyo anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mdzukulu, ndipo mawu ake achinsinsi sawadziwa. Foni yotere imasanduka mwala m'thumba.

Asanainyamule kupita nayo kwa mmisiri

Safunsa anadya phula. Mwini makina ali ndi ufulu wofunsa, ndipo mmisiri woona mtima sakwiya nazo. Afunse ngati vutolo lingathe popanda kufomata. Afunse kuti ndi chipinda chiti chimene chifufutidwe. Afunse kuti katundu wake akoperedwa kuti, ndipo aone ndi maso ake. Kuona mayina a mafayilo pa fulashi sikokwanira. Atsegule angapo pa kompyuta ina, atsimikize kuti akuwerengeka, kenako avomere kuti ntchito iyambe.

Alembe m'kope mawu achinsinsi a imelo, a Google ndi a Microsoft, n'kusunga kopelo kunyumba. Akumbukire kuti Word, Excel ndi pulogalamu ya makina osindikizira zidzafunika kuikidwanso. Aonetsetse kuti batire ndi lodzaza kapena sola ili ndi moto wokwanira, pakuti makina akazima ntchito ili pakati, Windows imatha kuonongeka. Ndipo ngati m'makinamo muli zinsinsi za odwala, za ana a sukulu kapena za m'banja, ndi bwino mwini wake akhale pomwepo pamene mmisiri akugwira ntchito.

Amene akugulitsa kapena kupereka makina ake kwa wina, iyeyo ndiye afunika kufufuta kotheratu, atakopera kale zake. Kufomata kwachangu kungasiye zithunzi ndi makalata ake m'manja mwa mlendo.

Mlimi wa ku Mualadzi sasunga mbewu yake yonse m'nkhokwe imodzi. Ina amaipachika kukhitchini pa utsi, ina amakasungitsa kwa mbale wake, kuti moto kapena anankafumbwe akagwira kuno, kwina kutsale. Akatswiri a makompyuta amalangiza zofanana: chinthu chofunika chikhale m'malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba imene muli kompyuta. Kwa sukulu kapena gulu la alimi, izi zikutanthauza kompyuta, fulashi yosungidwa kwa mkulu wina, ndi pepala losindikizidwa losainidwa pakutha pa teremu iliyonse kapena pakutha pa msika wa fodya. Mtengo wa fulashi ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wa ku Tete wokafunafuna zimene zatayika, ulendo umene nthawi zambiri munthu amabwerako chimanjamanja.