Opaleshoni Uli Maso: Ndani Asankhe Zoyenera Kufufuza?

Amayi ambiri amene anaberekera pa opaleshoni amakumbukira kulira koyamba kwa mwana wawo, madokotala akadali mkati mosoka. Sanagonekedwe tulo. Anabayidwa jakisoni wa pamsana, thupi n'kuchita dzanzi kuyambira pamimba mpaka kumapazi, koma mutu ukugwira bwinobwino. Njira yochititsa dzanzi mbali imodzi yokha ya thupi imeneyi imatchedwa regional anaesthesia. Mankhwala monga bupivacaine amaikidwa pafupi ndi minyewa kuti uthenga wa ululu usafike ku ubongo. Akhoza kubayidwa pamsana, kapena pa minyewa ya kukhwapa ngati opaleshoni ili pa dzanja.

Njirayi si yachilendo. Mu 1884, Karl Koller wa ku Vienna anaonetsa kuti cocaine amachititsa dzanzi diso. Mu 1898, August Bier wa ku Kiel ku Germany anachita opaleshoni yoyamba atabaya wodwala jakisoni wa pamsana. Iye ndi womuthandiza wake anayeseranso njirayi pa matupi awo, ndipo onse awiri anadwala mutu koopsa. Mpaka lero odwala ena amamvabe mutu wotere akabayidwa.

Papita zaka zoposa 120, koma mafunso akadalipo ambiri, ndipo zina zimene akatswiri ankayembekezera zapezeka kuti sizili choncho. Ambiri ankaganiza kuti njirayi ingachepetse kubwereranso kwa khansa ya m'mawere. Kafukufuku wa amayi oposa 2,000 amene anatuluka mu 2019 sanapeze kusiyana kulikonse. Ena ankakhulupirira kuti okalamba othyoka fupa la m'chiuno amachira msanga akabayidwa pamsana kusiyana ndi akagonekedwa. Kafukufuku wotchedwa REGAIN, wa odwala 1,600 ku United States ndi Canada, anaonetsa mu 2021 kuti patapita masiku 60, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni pa kupulumuka ndi kuyenda.

Kafukufuku wotere amadya zaka ndi ndalama zambiri, choncho sizingatheke kufufuza zonse. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani: ndani amasankha funso loyamba kuliyankha? Ofufuza amakopeka ndi zatsopano, ndipo makampani amaika ndalama pa zimene adzagulitse. Wodwala amafunsa zina: kodi dzanzi likatha usiku ndidzamva ululu wotani? Ndidzabwerera liti kumunda kapena kuntchito?

Pofuna kuti mawu a odwala azimveka, ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la James Lind Alliance mu 2004. Dzinali ndi la dokotala wa m'sitima zapamadzi amene mu 1747 anagawa amalinyero 12 odwala scurvy m'magulu, n'kupeza kuti amene anadya malalanje ndi mandimu ndiwo anachira. Bungweli limasonkhanitsa odwala, owasamalira ndi ogwira ntchito zachipatala. Onsewa amatumiza mafunso awo, kenako amachotsapo amene anayankhidwa kale, n'kukambirana mpaka atagwirizana pa mafunso 10 ofunika kwambiri. Mu 2015 linachita zimenezi pa nkhani ya kugoneka ndi kusamalira odwala pa opaleshoni, ndipo limodzi mwa mafunsowo linali lakuti tingatani kuti ululu wa opaleshoni usasanduke wa mgonagona. Njira ina ndi ya Delphi: akatswiri amavota mobisa kangapo, ndipo ulendo uliwonse amaona maganizo a gulu lonse asanavotenso. Izi zimathandiza kuti pulofesa wotchuka asaphimbe mawu a ena.

Komabe mndandanda umatengera amene anakhala pa zokambiranazo. M'zipatala za mayiko olemera, dokotala amaona minyewa pa makina a ultrasound asanabaye. M'zipatala zambiri za m'maboma kuno ku Malawi, ntchito yogoneka odwala ili m'manja mwa ma clinical officer, ndipo opaleshoni yobereketsa ndi imodzi mwa zimene amakumana nazo kawirikawiri, usana ndi usiku. Jakisoni wa pamsana ndi wotsika mtengo ndipo safuna makina ambiri, koma amatha kutsitsa BP mwadzidzidzi, zomwe n'zoopsa kwa mayi amene wataya kale magazi. Kafukufuku wa African Surgical Outcomes Study anapeza kuti imfa za amayi pambuyo pa opaleshoni yobereketsa mu Africa zimachuluka pafupifupi ka 50 kuposa m'mayiko olemera.

Choncho mafunso athu ndi ena. Kodi BP ya mayi tingaiteteze bwanji pamene mankhwala oikweza ndi ochepa? Kodi namwino mmodzi wa m'wodi yodzaza angazindikire bwanji msanga mayi amene zinthu zayamba kumuvuta? Kodi luso lobaya minyewa lingaphunzitsidwe bwanji kumene kuli makina amodzi okha?

Inu amene mukuphunzira unamwino kapena udokotala, yambani kulemba bwino zimene mukuona m'mawodi, chifukwa funso labwino la kafukufuku limachokera m'kaundula wolembedwa mosamala. Inunso amene munachitidwapo opaleshoni kapena munadikirirapo wodwala, achipatala akakufunsani mmene zinayendera, fotokozani zonse, ngakhale mutu umene unabwera patapita masiku awiri.