Ku Joni ntchito ilipo, pepala lake ndilo kulibe

Mu Okutobala 2024, unduna wa za m'dziko ku South Africa, umene aliyense wokhala ku Joni amangouti Home Affairs, udasintha kaperekedwe ka chilolezo chogwirira ntchito kwa alendo. Tsopano wopempha amawerengeredwa mapointi, ndipo kuti apatsidwe viza ayenera kukwanitsa 100. Mapointiwo amachokera pa maphunziro, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwira ntchitoyo ndi chilankhulo. Amene luso lake lili pa mndandanda wa maluso osowa m'dzikolo amakwanitsa 100 nthawi yomweyo. Nduna Leon Schreiber idakhazikitsanso viza ya anthu ogwira ntchito pa intaneti amene amalipidwa ndi makampani akunja, ndipo idalimbana ndi mulu wa mapempho oposa 300,000 amene adangounjikana m'maofesi osayankhidwa. Zonsezi nzoyamikika. Koma pa Amalawi zikwizikwi amene amasamalira maluwa m'makomo a ku Sandton, kuphika m'malesitilanti a ku Cape Town ndi kusoka zovala ku Durban, lamulo latsopanoli silidakhudze pafupifupi aliyense. Mapointi a malipiro amayambira pa ndalama zoposa R650,000 pachaka, pamene wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka mu 2025, R28.79 pa ola, amatha chaka ndi ndalama yosaposa kwenikweni gawo limodzi mwa magawo khumi a chiwerengero chimenecho.

Apa mpamene pagona nkhani. Chuma cha South Africa chimagwiritsa ntchito manja a alendo osauka tsiku ndi tsiku, koma malamulo ake alibe njira yoti munthu wotero alowe ndi kugwira ntchito moyera. Mmalawi amaloledwa kulowa popanda viza kwa masiku 30, ngati mlendo wodzacheza, ndipo saloledwa kugwira ntchito. Akadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi kudinditsa pasipoti pa Beitbridge, masiku amayamba kuwerengedwa. Malinga ndi malamulo a 2014, wopitirira masiku ake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira kuposa pamenepo amaletsedwa zaka zisanu. Chilango chimenechi adachiika kuti anthu azituluka pa nthawi yake, koma kwa amene masiku adamuthera kale chimagwira ntchito mobwerera: amaopa kupita kumudzi, ngakhale kumaliro, podziwa kuti akatuluka sabwereranso. Ena amapereka pasipoti kwa madalaivala kuti akaidinditse kumalire mwakatangale. Ena amangokhala, maso ali tcheru, mpaka tsiku limene apolisi adzawatolere ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp. Ilipo viza ya makampani imene minda ikuluikulu ndi migodi ingalembere anthu ambiri pakamodzi, koma banja lofuna wantchito mmodzi wapakhomo silingaiyandikire.

Anthu amenewa si ochepa, komanso si chigumula monga andale ena amanenera. Kalembera wa 2022 adapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni m'dziko la anthu 62 miliyoni. Ochokera ku Zimbabwe anali oposa miliyoni imodzi, kenako Mozambique ndi Lesotho, ndipo Malawi inali pachinayi ndi anthu pafupifupi 200,000. N'zodziwikiratu kuti wopanda mapepala sathamangira kukalembetsa kwa munthu wa boma, choncho chiwerengero chenicheni chiyenera kukhala chokwererapo. Komabe ngakhale titachiwirikiza kawiri, alendo sangafike munthu mmodzi mwa anthu khumi.

Nanga amadyera dzikolo kapena amalipindulira? Kafukufuku wa mabungwe a OECD ndi ILO wotuluka mu 2018 adayerekeza kuti alendo adathandizira pafupifupi magawo 9 mwa 100 a chuma chonse chimene dzikolo lidapanga mu 2011, kuposa kuchuluka kwawo pakati pa anthu. Chaka chomwecho World Bank idatulutsa lipoti losonyeza kuti pakati pa 1996 ndi 2011, mlendo aliyense wogwira ntchito adabweretsa ntchito pafupifupi ziwiri kwa eni dziko. Chifukwa chake sichovuta kumva. Mlendo amachita lendi chipinda kwa mwini nthaka, amakwera takisi, amagula ufa ndi mafuta m'sitolo, ndipo msonkho wa VAT amaulipira pa zambiri zimene wagula, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Ambiri amadzilemba okha ntchito, telala kapena wometa, n'kulembanso ena. Mayi wa ku Pretoria amene ali ndi womulerera mwana amatha kupita ku ofesi. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ziwerengerozi sizikuwatsutsa.

Koma tisafulumire kuomba m'manja. Mnyamata wa ku Soweto amene watha zaka akusaka ntchito ali ndi mlandu womveka. M'dziko mwake anthu oposa 30 mwa 100 aliwonse ofuna ntchito alibe ntchito, ndipo pakati pa achinyamata zinthu nzoipa kuposa apo. Kumuuza kuti chuma cha dziko lonse chikupindula sikumudyetsa, pamene iye waona ndi maso mwini lesitilanti akusankha mlendo. Ziwerengero za dziko lonse zimabisa zimene zikuchitika pa msewu umodzi, ndipo pa ntchito zina za malipiro otsika mpikisano ulipodi. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti bwanayo amasankhiranji mlendo. Ena amati Amalawi ndi aulemu ndiponso olimbikira, ndipo ife timanyadira tikamva zimenezi, koma ulemu wambiri umenewu ndi mantha. Wopanda mapepala savuta: salowa m'bungwe la ogwira ntchito, sakana maola owonjezera, ndipo akabedwa malipiro sapita kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a ogwira ntchito, ngakhale khoti la za ntchito lidagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti wogwira ntchito wopanda chilolezo naye ndi wotetezedwa ndi malamulo a ntchito. Chimene chimatsitsa malipiro a mwini dziko si kupezeka kwa Mmalawi ayi, koma kutsika mtengo kwake, ndipo chimene chamutsitsa mtengo ndi kusowa pepala. Mlendo atakhala ndi chilolezo, n'kumalipidwa mofanana ndi mnzake wa komweko, bwana sangakhalenso ndi chifukwa cha m'thumba chomusankhira.

Ena anganene kuti mankhwala ake ndi kutseka malire ndi kubweza onse. Dziko lili ndi ufulu woteteza malire ake, ndipo South Africa idakhazikitsa bungwe lapadera la ntchitoyi, Border Management Authority, mu 2023. Koma kubweza anthu kwachitika kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo obwezedwa ambiri amabwereranso, chifukwa chimene chidawachotsa ku Mangochi, Mzimba kapena Nkhata Bay sichidasinthe, ndiponso ntchito idakali kuwadikira. Lamulo la 2002 limalanga wolemba ntchito munthu wopanda chilolezo, koma amene timamuona m'galimoto ya apolisi kawirikawiri ndi wantchito, osati bwana. Ndondomeko ya alendo ogwira ntchito imene nduna za boma zidavomereza mu 2025 ikufuna kuika malire a chiwerengero cha alendo pa ulimi, zomangamanga ndi malo ochereza alendo. Malire otere angakhale ndi tanthauzo pokhapokha ngati pali chilolezo choti owerengedwawo akhale nacho. Munthu wobisala sawerengeka.

Njira yake si yachilendo, chifukwa South Africa idaiyesapo kale. Mu 2009 idavomereza chilolezo chapadera cha anthu a ku Zimbabwe, chimene pambuyo pake chidasanduka ZEP, ndipo lero chili m'manja mwa anthu pafupifupi 178,000. A ku Lesotho nawo ali ndi chawo. Amalawi sadapatsidwepo. Zilolezo zimenezi zili ndi zilema zake: sizilandira anthu atsopano, sizifikitsa munthu pokhala nzika yokhazikika, ndipo boma litafuna kuthetsa ZEP, padatengera khoti lalikulu la ku Pretoria mu Juni 2023 kugamula kuti nduna idalakwitsa posamva maganizo a eni ake. Kuyambira pamenepo chilolezocho changokhalira kuwonjezeredwa masiku. Ngakhale zili choncho, mwini ZEP amatsegula akaunti ku banki, amalipira msonkho wa pa malipiro, amapita kwawo pa Khirisimasi n'kubwerera poyera.

Kwa ife Amalawi palinso chikayiko china, chochokera m'mbiri. Pangano la maboma awiri lidalipo kale mu 1967, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. Kamuzu Banda adaimitsa kulembako mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70 obwerera kwawo. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la Theba, n'kudzathera pa mkangano wa kuyeza HIV mu 1988. Mpaka lero okalamba ena akulondolabe ndalama zawo, ena mapapo adawonongeka ndi fumbi la mumgodi. Palibe wanzeru angalakelake kubwerera ku zimenezo. Cholakwika cha Wenela sichinali kukhala ndi mapepala, koma kuti pepalalo lidamangirira munthu kwa bwana mmodzi, m'komponi, kutali ndi banja, boma n'kumagwira gawo la malipiro ake. Chilolezo chofunika lero n'cha zaka zingapo, cholembedwa m'dzina la wantchito, chomulola kusintha bwana ndi kutenga penshoni yake pobwerera.

Boma la Malawi limaoneka kwambiri pa nkhaniyi zinthu zikaipa, monga lidatumizira mabasi kukatenga anthu othawa ziwawa za ku Durban mu 2015. Ndalama zimene a ku Joni amatumiza kudzera ku Mukuru zimagula feteleza, malata ndi kulipira fizi m'midzi yambiri, pa nthawi imene dziko likulira kusowa kwa ndalama zakunja. Malawi ndi South Africa onse ali mu SADC, ndipo Lesotho ndi Zimbabwe adakambirana n'kupeza kanthu. Unduna wa za ntchito ndi wa maubale ndi mayiko akunja upite ku Pretoria ukapemphe chilolezo chimenechi, ndipo aphungu a m'maboma amene achinyamata awo adathera ku Joni afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti zokambiranazo ziyamba liti.