Chifuwa cha wodwala khansa ya impso chisamatengedwe mopepuka

Khansa ya impso simva kwenikweni mankhwala akale a chemotherapy. N'chifukwa chake madokotala analandira ndi manja awiri mankhwala olunjika pa chotupa chenichenicho. Dziko la America linavomereza sorafenib m'chaka cha 2005, sunitinib mu 2006, temsirolimus mu 2007, kenaka everolimus ndi pazopanib mu 2009. Ena mwa mankhwalawa amalepheretsa chotupa kumera mitsempha ya magazi yochidyetsa, ena amachiletsa kukula.

Mavuto odziwika bwino ndi kutsegula m'mimba, zilonda za m'kamwa ndi kuthamanga kwa magazi. Koma pali lina limene silikambidwa kawirikawiri, lokhudza mapapo.

Everolimus ndi temsirolimus nthawi zina amatupitsa mapapo popanda kachirombo kalikonse. Pa kafukufuku wotchedwa RECORD-1, odwala pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse amene ankamwa everolimus anapezeka ndi vutoli, ngakhale kuti ambiri silinawafikitse pa kayakaya. Limayamba makamaka m'miyezi yoyambirira: chifuwa chouma, phuma poyenda kamtunda kochepa, mwina kutentha thupi. Ena samva kanthu, ndipo chimaulula n'chithunzi cha m'chifuwa.

Apa ndiye pamene pali msampha kwathu kuno. Munthu akamatsokomola masabata angapo, aliyense amathamangira kunena kuti ndi chifuwa chachikulu kapena chibayo. Kukayika kumeneku n'koyenera, pakuti mankhwala omwewa amafooketsa chitetezo cha m'thupi ndipo TB yeniyeni ikhoza kulowa. Koma pafunika kuyeza kaye, osati kungoganizira. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachititsa chiwindi kuchotsa msanga everolimus ndi sunitinib m'magazi, motero mphamvu yawo yolimbana ndi khansa imachepa.

Pazopanib ali ndi lake vuto, losowa kwambiri: ngati khansa inafalikira kumapapo, chotupa chikamafota chikhoza kusiya chibowo, mpweya n'kutulukira kunja kwa phapo, phapolo n'kuphwa. Wodwala amamva kubaya m'chifuwa ndi kubanika mwadzidzidzi. Ameneyo asagone kunyumba.

Kutupa kwa mapapo kukadziwika msanga, dokotala amachepetsa mlingo kapena kuimitsa mankhwala, nthawi zina n'kupereka prednisolone, ndipo ambiri amachira. Inu amene mumayendera odwala m'midzi, mukaona wodwala wotere ayamba kutsokomola, mulimbikitseni kubwerera kwa dokotala amene anamulembera mankhwalawo, atatenga mapaketi ake onse ndi buku la kuchipatala.