Sitalaka ya ku Positi Ofesi Siyamba Mwadzidzidzi

Pa 15 Novembala 2024, ogwira ntchito ku positi ofesi pafupifupi 55,000 m'dziko la Canada ananyanyala ntchito. Kwa mwezi wathunthu makalata, ziphaso zoyendera ndi katundu wa amalonda zinangounjikana, pa nyengo imene anthu amatumizirana mphatso za Khirisimasi. Kwa munthu woonera patali zinali ngati ogwira ntchitowo angodzuka m'mawa ndi kukhala pansi. Zoona zake n'zakuti bungwe lawo la Canadian Union of Postal Workers linali litakambirana ndi kampani ya Canada Post kwa chaka chathunthu popanda kumvana.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a m'mawodi a boma lino. Ngakhale lamya zam'manja zafala, positi ofesi idakali njira yotumizira makalata ofunsira ntchito, zikalata zofunika ndi katundu wochokera kwa abale akutali. M'midzi yambiri bokosi limodzi la sukulu kapena la mpingo ndilo limalandira makalata a anthu onse ozungulira. Choncho n'kofunika kuti nzika zidziwe njira imene ogwira ntchito ndi owalemba ntchito amayendamo mpaka kufika potseka zitseko.

Kukambirana mogwirizana

Wosankha makalata mmodzi akapita yekha kwa mkulu wa kampani kukapempha kuti malipiro akwere, mawu ake salemera. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. N'chifukwa chake ogwira ntchito amapanga bungwe, amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi ndi kusankha atsogoleri oti aziwayankhulira. Atsogoleriwo amakhala pansi ndi olemba ntchito kukambirana za malipiro, maola ogwirira ntchito, tchuthi, chitetezo cha pantchito, penshoni ndi njira yochotsera anthu ntchito. Akamvana, amasainirana mgwirizano umene umamanga mbali zonse ziwiri kwa nthawi imene apangana.

Kuno ku Malawi ufulu umenewu uli m'ndime 31 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994. Ndimeyi imapatsa munthu aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera ndi wolowa bungwe la ogwira ntchito, ndipo imalamula boma kuteteza ufulu wonyanyala ntchito. Tsatanetsatane wake ali m'lamulo la Labour Relations Act la 1996. Lamuloli limanena kuti ngati anthu 20 pa 100 aliwonse ogwira ntchito pamalo alowa bungwe, olemba ntchito ayenera kulizindikira bungwelo ndi kukambirana nalo. Ku positi ofesi, olemba ntchito ndi Malawi Posts Corporation, kampani ya boma imene inabadwa pamene ntchito za makalata zinalekanitsidwa ndi za matelefoni potsatira lamulo la zamauthenga la 1998.

Zokambirana za ku positi ofesi zimavuta masiku ano pa chifukwa chimodzi chachikulu. Makalata, amene kale ankabweretsa ndalama zambiri, achepa kwambiri chifukwa cha intaneti ndi lamya, pamene pa katundu pali mpikisano ndi makampani ena onyamula mitokoma. Komabe positi ofesi imayembekezeka kufika ndi kumidzi komwe, kumene phindu ndi lochepa. Olemba ntchito amati ndalama palibe, ogwira ntchito amati mitengo ya zinthu yakwera ndipo malipiro sakufika kumapeto kwa mwezi. Ku Canada mkangano unagona pa malipiro ndiponso pa funso lakuti adzagawa katundu Loweruka ndi Lamulungu ndani: antchito okhazikika kapena olembedwa kwa maola ochepa.

Zokambirana zikalephereka

Lamulo la kuno sililola kuti anthu asiye ntchito tsiku lomwelo zokambirana zasokonekera. Choyamba mkangano umakatulidwa kwa mlembi wamkulu mu unduna wa zantchito. Iye, kapena munthu amene wamusankha, amakhala mkhalapakati ndipo amapatsidwa masiku 21 oti ayanjanitse mbali ziwirizo. Mkhalapakati saweruza. Ntchito yake ndi kumva uku ndi uku, kenaka n'kufufuza pamene onse angakumanirane.

Kuyanjanitsa kukakanika, chotsatira chimadalira mtundu wa mkangano. Ngati akukangana pa tanthauzo la lamulo kapena la mgwirizano umene ulipo kale, mwachitsanzo ndalama yapadera imene inalembedwa koma siikuperekedwa, nkhaniyo imapita ku khoti loona za anthu apantchito la Industrial Relations Court. Ngati akukangana pa chinthu chatsopano, monga kukweza malipiro, ndi pamene sitalaka imaloledwa, koma bungwe liyenera kupereka chidziwitso cha masiku 7 kwa olemba ntchito ndi kwa mlembi wamkulu uja. Anthu ogwira ntchito zimene zikaima moyo, umoyo kapena chitetezo cha anthu chikhoza kukhala pachiswe saloledwa kunyanyala, ndipo mikangano yawo imathera kukhoti lomwelo.

Kutsata ndondomekoyi kumateteza wantchito. Lamulo la Employment Act la 2000 silola kuti munthu achotsedwe ntchito chifukwa chotenga nawo mbali pa sitalaka yovomerezeka. Amene anyanyala popanda kutsata njira amataya chitetezo chimenechi ndipo akhoza kupatsidwa chilango.

Kukonzekera sitalaka

Masiku a chidziwitso asanafike, bungwe lanzeru limakhala litayamba kale kukonzekera. Chinthu choyamba ndi kumva maganizo a mamembala. Ku Canada lamulo limafuna voti yachinsinsi, ndipo mu 2024 anthu oposa 95 pa 100 aliwonse amene anavota anavomereza sitalaka. Voti yotere imakhala chida pa zokambirana, pakuti olemba ntchito akaona kuti antchito ali pamodzi, nthawi zambiri amabwera ndi mfundo zatsopano, ndipo mgwirizano umapezeka sitalaka isanayambe.

Chachiwiri ndi ndalama. Walira mvula walira matope: wonyanyala ntchito amadziwa kuti malipiro ake akhoza kudulidwa pamene lendi ndi fizi zikumudikira. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la kuno mu 2021, ndipo tsopano olemba ntchito akhoza kudula malipiro a masiku a sitalaka opitirira atatu pa chaka. N'chifukwa chake mabungwe amasunga thumba lapadera lothandizira mamembala, ndipo amawalangiza kuti asungeko kangachepe ndi kupewa ngongole zatsopano.

Chachitatu ndi mwambo. Atsogoleri amagawa anthu oima pazipata mosinthana, amasankha owayang'anira ndi kuwakumbutsa kuti kuwononga katundu, kuopseza anzawo kapena kutsegula makalata a eni ndi milandu imene ufulu wonyanyala ntchito suikhululukira. Chachinayi ndi kuganizira anthu osauka amene alibe mbali pa mkanganowo. Ku Canada bungwe ndi kampani anagwirizana kuti macheke a penshoni ndi a chithandizo cha boma azigawidwabe ngakhale ntchito zina zaima.

Phindu ndi malire ake

Sitalaka ikhoza kusintha zinthu. Mu 1981 bungwe lomwelo la ku Canada linanyanyala ntchito masiku 42 ndipo linapezera amayi tchuthi cholipidwa cha masabata 17 akabereka, zimene mabungwe ena anatengerapo chitsanzo. Ku America, ogwira ntchito ku positi ofesi pafupifupi 200,000 ananyanyala ntchito mu Malichi 1970, mpaka Pulezidenti Richard Nixon anatumiza asilikali kukagwira ntchito ya makalata ku New York. Chaka chomwecho kunabwera lamulo lowapatsa ufulu wokambirana za malipiro, koma sitalaka inakhalabe yoletsedwa. Akalephera kumvana, nkhani imapita kwa oweruza apadera amene chigamulo chawo chimamanga onse.

Komabe sitalaka sipereka zonse zimene anthu akufuna. Ya 2024 ija inatha pa 17 Disembala pamene bungwe la boma loona za mikangano ya pantchito linalamula kuti anthu abwerere ku ntchito. Malipiro anakwera ndi 5 pa 100 aliwonse, mgwirizano wakale unawonjezeredwa nthawi mpaka Meyi 2025, koma nkhani zikuluzikulu zinatsala zosathetsedwa. Amalonda ena anali atapita kale ku makampani ena, ndipo kasitomala wochoka sabwerera msanga. Mbali zonse ziwiri zinaluzapo kanthu.

Zimene anthu a m'mawodi angachite

Masiku 7 a chidziwitso amathandizanso anthu wamba. Chidziwitso chotere chikamveka pa wailesi, amene ali ndi makalata ofunsira ntchito kapena zikalata zokhala ndi tsiku lomaliza ayenera kutumiza msanga, kapena kufunsa ngati kumene zikupitako angalandire mwa njira ina. Amene ali ndi katundu woti akatenge akatengeretu, ndipo malisiti onse asungidwe bwino. Makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ali ndi udindo wofikitsa uthengawo kwa okalamba ndi kwa anthu okhala kutali ndi malo a malonda.

Wogulitsa masitampa pawindo si mdani wa anthu, ndipo si iye amene amapanga ziganizo za kampani. Ndi mnansi amene ana ake amaphunzira sukulu imodzi ndi ana a m'wodi momwemo. Lamulo limene limamuteteza ndi lomwenso limateteza wantchito wa paesiteti, mlonda ndi wogulitsa m'sitolo. Aliyense wofuna kumvetsa za ufulu wake pantchito, kapena wolemba ntchito wofuna kudziwa udindo wake, akhoza kupita ku ofesi ya zantchito ya boma lino mkangano usanakule.